Bowa Wodyedwa ndi Bowa Wakupha: Palibe Chizindikiro Chachidule

Mvula yoyamba ikangolowa pansi, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, cha ku Perekezi m'boma la Mzimba ndi m'misika ya m'matauni mumayamba kuoneka mabeseni a bowa. Ndi ndiwo ya nthawi imene nkhokwe zapepuka ndipo nyemba zatha. Koma miyezi yomweyi, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi imenenso zipatala zimalandira mabanja athunthu akusanza ndi kutsekula m'mimba atadya bowa, ndipo ena mwa iwo, makamaka ana, sabwerera kwawo. Anthu akamva za maliro otere amafunsa kuti chizindikiro cha bowa woipa n'chiyani. Ine ndikuona kuti ngozi imayambira pa funso limenelo. Chizindikiro chimodzi chogwira pa bowa yense kulibe. Chimene chateteza anthu kuyambira kale ndi kudziwa mtundu uliwonse pawokha, ndi dzina lake, pamalo ake.

Kodi bowa wa timizere ndi uti, ndipo n'chifukwa chiyani nkhani ya poizoni imazungulira pa iyeyu?

Tembenuzani bowa muone kunsi kwa chipewa chake. Bowa wambiri amene timamudziwa ali ndi timizere topyapyala, tothithikana, tochokera paphesi kukafika m'mphepete mwa chipewa. Pa timizere timeneti ndi pamene pamapangika timbewu ta bowa, tochepetsetsa moti kamodzi sikaoneka ndi maso, ndipo bowa mmodzi wokhwima amawaza timbewu mamiliyoni ambiri mumphepo. Bowa wina alibe timizere koma timabowo tambirimbiri tofewa. Wina, monga manyame ndi chipatwe, ali ndi makwinya okhuthala otsetsereka mpaka paphesi, amene munthu woona mothamanga angayese timizere. Nkhani ya poizoni imakhazikika pa bowa wa timizere chifukwa pafupifupi mitundu yonse imene imapha anthu ili m'gulu limeneli, ndipo mitundu yokoma kwambiri imene timaikonda ilinso momwemo.

Chimene timazula ndi chipatso chabe, monga bango pamtengo wake. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi toyera tobisika m'nthaka, m'chikuni chowola kapena m'chulu, ndipo timakhala momwemo chaka chonse. Bowa wina amalumikiza timaulusi take ndi mizu ya mitengo monga mombo, mchenga ndi msuku: mtengo umampatsa shuga, iye amauthandiza kukoka madzi ndi michere ya m'nthaka. Wina amalimidwa ndi chiswe. Wina amangodya zowola, kaya ndowe, udzu kapena zitsa. Choncho malo amene bowa wamera ndi mbali ya chimene iye ali, ndipo bowa amene wafika m'beseni atadulidwa tsinde, wosadziwika kumene wachokera, wataya theka la umboni wake.

Nanga mitundu ya timizere imene timadya kuno ndi iti?

Woyamba kutchulidwa ndi bowa wa pachulu, amene akatswiri adampatsa dzina la Termitomyces kuchokera mu 1942, pamene Mfalansa wina dzina lake Roger Heim adafotokoza gulu limeneli. Maina monga utale, nyonzwe ndi manda amagwera m'gululi, ngakhale kuti dzina limodzi limatha kuimira bowa wosiyana mukachoka boma lina kupita lina. Chiswe chimatafuna udzu ndi nkhuni n'kuumba zisa m'kati mwa chulu, timaulusi ta bowa timafewetsa zisazo, kenako chiswe chimadya. Mvula ikagwa bowa amatumphuka kuchokera pachisa, n'chifukwa chake mitundu yambiri ya gululi ili ndi phesi lopitirira pansi, lalitali, ndiponso kansonga kolimba pakati pa chipewa komwe amaboolera dothi. Manda ndi wosiyanako: ndi wamng'ono kwambiri, amamera mazanamazana pa dothi limene chiswe chatulutsa kunja, ndipo alibe phesi lolowa pansi. Ku Zambia kuli mkulu wa onse, amene Abemba amati icikolowa, yemwe chipewa chake chimatha kufika mita imodzi m'mimba mwake. David Pegler ndi Graham Piearce adamulemba m'mabuku a sayansi mu 1980 ndi dzina lakuti Termitomyces titanicus, pamene anthu anali atamudya ndi kumugulitsa m'misewu kwa mibadwo yosawerengeka. Palibe mtundu wa Termitomyces umene umadziwika kuti umapha. Koma chenjerani ndi mawu ameneŵa: si bowa aliyense womera pafupi ndi chulu amene ali wa chiswe.

Wachiwiri ndi ndelema, amene ena amati utenga, ku Zambia tente, ku Zimbabwe nhedzi. Amatuluka pansi ali wozungulira, wokutidwa ndi chikopa, kenako chikopacho chimang'ambika n'kutsala ngati kathumba patsinde. Chipewa chake ndi choyera, choderako pakati, choterera chikanyowa, ndipo m'mphepete mwake muli timikwasa. Timizere ta kunsi ndi toyera, ndipo paphesi pali kansalu kozungulira. Amamera pansi pa mitengo ya miombo cha mu Disembala ndi Januwale. Akatswiri amamutcha Amanita zambiana, ena Amanita loosii, ndipo dzina loyambalo, Amanita, n'lofunika kulisunga, chifukwa tikumana nalonso posachedwa.

Palinso bowa wambiri wa pansi pa miombo ndi misuku amene mnofu wake umangothyoka osasendeka ulusi. Ena a iwo mukawathyola amatulutsa utomoni woyera. Amenewa ndi a magulu a Lactarius ndi Lactifluus, monga kabansa wa ku Zambia. Opanda utomoni, ofiira, otuwa kapena achikasu, ambiri ndi a gulu la Russula. Ndiye pali wolimidwa: bowa wa oyisitala, amene alimi amamukolola pa mapesi a chimanga ndi zotsalira zina za m'munda, ndi kabowa koyera ka m'masitolo, Agaricus bisporus. Padziko lonse mitundu yoposa 2,000 idalembedwa kuti imadyedwa.

Ndipo wakupha ndi uti?

Mtsogoleri wawo ndi Amanita phalloides, amene kwawo ndi ku Ulaya. Mwa anthu 100 alionse amene amafa ndi bowa padziko lapansi, pafupifupi 90 amafa ndi iyeyu ndi abale ake. Tamvani maonekedwe ake: amatuluka pansi ali wozungulira m'chikopa, ali ndi kathumba patsinde, kansalu paphesi ndi timizere toyera. Chipewa chake nthawi zambiri ndi chobiriwira motuwa kapena chachikasu pang'ono, koma mvula ikachitsuka chimayera, ndipo pali ena amene amamera ali oyera kale. Wowerenga watcheru waona kuti pafupifupi zonsezi ndazitchula kale pa ndelema. Awiriwa ndi a banja limodzi, wina ndiwo, wina imfa, ndipo theka la chipewa cha phalloides ndi lokwanira kupha munthu wamkulu. Akatswiri amawasiyanitsa poona timikwasa ta m'mphepete mwa chipewa, mtundu wa kathumba ndi mitengo imene ali pansi pake, koma kusiyana kotereku n'kwa munthu amene wagwira mitundu yonse iwiri m'manja, osati wongowerenga.

Poizoni yemweyo, wotchedwa amanitin, amapezekanso m'bowa wosafanana konse ndi Amanita: Galerina marginata, kabowa kofiirira komera pazikuni zowola, ndi timitundu tina tating'ono ta Lepiota. Ku Poland mu 1952 anthu 102 adadwala ndipo 11 adamwalira atadya Cortinarius orellanus, amene poizoni wake amawononga impso ndipo amatha kukhala masiku atatu ngakhale milungu iwiri asanaonekere. Kufikira nthawi imeneyo bowayo sankamuwerengera m'gulu la oopsa. Ku Germany katswiri weniweni wa bowa, Julius Schäffer, adamwalira mu 1944 atadya Paxillus involutus, bowa amene anthu ambiri ku Ulaya ankamudya.

Kuno kwathu ndi m'mayiko ena otentha, amene amadwalitsa anthu kawirikawiri ndi Chlorophyllum molybdites. Ndi bowa wamkulu, woyera, wa timamba tofiirira pachipewa, amene amakonda pakapinga, m'mabwalo a sukulu, m'minda ndi pafupi ndi makola. Ali wamng'ono timizere take timakhala toyera ndipo amanyenga ngati bowa wa pachulu; akakhwima timizere timasanduka tobiriwira, chifukwa timbewu take n'tobiriwira. Kawirikawiri samapha munthu wamkulu wathanzi, koma amasanzitsa ndi kutsekula m'mimba mwamphamvu pasanathe maola atatu, ndipo mwana wamng'ono kapena gogo angathe kutha madzi m'thupi n'kumwalira.

Koma anthu amati bowa amene akudyedwa ndi mphutsi kapena nkhono ndi wabwino, ndipo woipa amawawa kapena amakhala wa mtundu wowala. Palibe choona pamenepo?

Chilichonse mwa zizindikiro zimenezi chili ndi bowa amene amachiphwanya, ndipo kawirikawiri wochiphwanyayo ndi wakupha kwambiri. Nkhono ndi mphutsi za ntchentche zina zimadya Amanita phalloides osavulala, chifukwa matupi awo sagwira ntchito mofanana ndi chiwindi cha munthu. Za kuwawa, anthu amene adapulumuka atadya phalloides amanena kuti anali wokoma, pamene Lactarius wina wowawa kwambiri amadyedwa bwinobwino akamuwiritsa. Za mtundu, manyame ndi achikasu ndi ofiira owala koma ndi ndiwo yapamwamba, pamene Amanita virosa wa ku Ulaya ndi woyera mbee ndipo amapha. Ena amati chipewa chikasendeka khungu ndiye kuti ndi wabwino, koma phalloides amasendeka. Ena amaika supuni, ndalama yachitsulo kapena anyezi mumphika kuti aone ngati zida. Amanitin sadetsa chilichonse mwa zimenezi. Ena amayamba apatsa galu kapena nkhuku n'kudikira pang'ono, koma poizoni amene amatenga theka la tsiku kuti ayambe kuonekera, ndi masiku angapo kuti aphe, sangadziulule banja lisanakhale pamphasa kudya.

Chifukwa chake n'chomveka. Mapoizoni a bowa ndi ambiri ndipo sagwirizana: wina amagwira chiwindi, wina impso, wina ubongo, wina amatulutsa thukuta ndi malovu n'kuchepetsa kugunda kwa mtima. Pali ngakhale bowa wina, Coprinopsis atramentaria, amene savuta pokhapokha munthu akamweraponso mowa. Mankhwala osiyana chotere, opezeka m'mabanja osiyana a bowa, sangakhale ndi fungo limodzi, mtundu umodzi kapena kakomedwe kamodzi. Amene amakhulupirira chizindikiro amapulumuka zaka zambiri chifukwa bowa wakupha ndi wochepa poyerekeza ndi yense, ndipo kupulumukako kumamulimbitsa mtima pa chinthu chimene sichinamuteteze n'komwe.

Ngakhale kuyesa kwa akatswiri, kosiya chipewa papepala usiku wonse kuti aone mtundu wa timbewu, sikunena kuti idyani kapena tayani. Kumangothandiza kudziwa banja: timbewu ta Amanita n'toyera, ta Agaricus n'toderako, ta bowa wa pachulu n'tofiirira pang'ono, ta Chlorophyllum molybdites n'tobiriwira. Ndi umboni umodzi mwa maumboni ambiri.

Ngati zili choncho, amayi athu akhala akuzula bwanji bowa zaka zonsezi osatha ndi imfa?

Funso ili ndi lolemera, ndipo yankho lake likuchirikiza mfundo yanga m'malo moigwetsa. Mayi wodziwa bowa sagwiritsa ntchito chizindikiro chachidule. Amadziwa mitundu khumi, khumi ndi isanu, mwina makumi awiri, uliwonse ndi dzina lake, mwezi wake, mtengo wake, fungo lake ndi mmene umaonekera uli wanthete ndiponso utakalamba. Chilichonse chimene sachidziwa dzina amachisiya, kaya chikhale chokongola bwanji. Brian Morris, amene adayenda ndi amayi ozula bowa m'nkhalango za Malawi n'kulemba buku lakuti Common Mushrooms of Malawi mu 1987, adapeza kuti anthu amagawa zomera zimenezi pawiri: bowa, ndiye kuti wodziwika ndi wodyedwa, ndi chirombo, ndiye kuti china chilichonse chotsala. M'gulu la zirombo mumagwera mitundu yambiri imene kwina amaidya. Kutaya ndiwo yabwino chifukwa chosaidziwa ndi mtengo wochepa, ndipo makolo adasankha kulipira mtengo umenewo. Umu ndi mmenenso katswiri wa kuyunivesite amachitira: salawa chimene sanachizindikire mpaka pa dzina.

Pali amene anganene kuti ndiye nzeru za makolo n'zokwanira, tisiye kudandaula. Apa sindikuvomereza. Nzeru imeneyi ndi yamphamvu, koma idamangirira pa zinthu ziwiri, nkhalango imene idaphunziridwamo ndi munthu amene adaiphunzitsa, ndipo zonse ziwiri zikugwedezeka. Mtsikana ankaphunzira bowa poyenda ndi amayi ake kapena agogo ake nyengo zambiri zamvula, akumudzudzula akazula cholakwika. Lero ana ambiri amakulira kutauni, kapena amatumidwa okha kutchire chifukwa akuluakulu ali kuganyu. Miombo ya pafupi ndi midzi yatha ndi makala ndi nkhuni zochizira fodya, ndipo mtengo ukadulidwa, ndelema ndi manyame amene ankadalira mizu yake amapita nawo. Wozula amakakamizika kupita kutali, kumalo amene sakuwadziwa, kapena kuzula zomera pakapinga ndi m'munda wa mitengo yodzala. Onjezani njala ya mu Januwale ndi Febuluwale, imene imachititsa munthu kunena kuti uyu akufanana ndi uja, tiyeni tiyese. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma kuti mwana afunse pafunika pakhale womufunsa.

Nanga zoti bowa wa pansi pa bulugamu kapena paini ndi woipa?

Mwa malamulo onse a m'midzi, ili ndi limene ndingalisunge, ngakhale kuti chifukwa chimene anthu amapereka sicholondola. Mtengo suthira poizoni m'bowa. Chimene chimachitika n'chakuti mitengo yobwera idabwera ndi bowa wakwawo pamizu ndi m'dothi la mbande. Paini wa Pinus patula amene adadzalidwa ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa, kumene munda wake udapitirira mahekitala 50,000, kwawo ndi ku Mexico. Bulugamu kwawo ndi ku Australia. Pansi pa paini m'mayiko a kuno kummwera ndi kum'mawa kwa Africa pamamera Amanita muscaria, wofiira wa timadontho toyera, amene amasokoneza mutu, kugwetsa munthu ndi kumugoneka tulo tofa nato. Ku mapiri a kummwera kwa Tanzania, akatswiri a ku Finland otsogozedwa ndi Marja Härkönen adapeza kuti anthu ankadwala chifukwa chomusokoneza ndi ma Amanita ofiira odyedwa a m'miombo, makamaka mvula ikatsuka timadontho toyerato. Amanita phalloides nayenso adafika ku South Africa pamodzi ndi mitengo ya ku Ulaya, ndipo amapezekanso ku Zimbabwe pansi pa mitengo yobwera. Munda wa paini, ngakhale uli pafupi ndi mudzi wanu, ndi dziko lachilendo pa nkhani ya bowa, ndipo maina amene agogo adakuphunzitsani sagwira ntchito mmenemo.

Kodi Mmalawi kapena Mzambia amene ali kunja, ndipo amadziwa bwino bowa wakwawo, angazule kumeneko?

Ayi, ndipo wodziwa bwino ndiye ali pangozi yaikulu kuposa wosadziwa, chifukwa wosadziwa sayesa n'komwe. Umboni wake ndi wochuluka ndiponso womvetsa chisoni. Ku California ndi ku Australia anthu ochokera kummwera chakum'mawa kwa Asia akhala akudwala ndi kufa chifukwa phalloides wanthete amafanana ndi Volvariella volvacea, bowa amene kwawo amalimidwa pa mapesi a mpunga. Ku Canberra anthu awiri adamwalira kumayambiriro kwa 2012 atadya phalloides pa chakudya cha usiku wolowera chaka chatsopano. Mu Seputembala 2015 madokotala a ku Hannover, ku Germany, adachenjeza atalandira anthu ambiri odwala ndi bowa yemweyu, ochuluka mwa iwo othawa nkhondo a ku Syria. Mu 2021 ana awiri apachibale ochokera ku Afghanistan, wazaka 5 ndi wazaka 6, adamwalira ku Poland patangopita masiku ochepa atafika. Ambiri mwa anthu otere sanali osasamala. Maso awo adaona ndiwo yakwawo. Munthu wokulira pa ndelema amene akuyenda m'paki ku Cape Town, ku Johannesburg kapena ku Britain, n'kuona bowa woyera wa kathumba patsinde pansi pa mtengo, ali pamsampha womwewo.

Foni nayonso si agogo. Ofufuza a ku Australia atayesa mapulogalamu a pafoni ozindikira bowa, zotsatira zimene zidatuluka mu 2023 zidaonetsa kuti pulogalamu yochita bwino koposa idalondola pafupifupi theka lokha la zithunzi. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook sichionetsa fungo, tsinde lotsala m'dothi kapena mtengo umene unali pamwamba.

Kodi kuwiritsa n'kutaya madzi, kuthira chidulo kapena kufutsa sikuchotsa poizoni?

Kumathandiza pa bowa wina, ndipo mpamene chikhulupirirochi chimapezera mphamvu. Utomoni wowawa wa Lactarius umachoka ndi madzi owiritsa, ndipo bowa wambiri wodyedwa amapweteka m'mimba akadyedwa wosapsa. Koma amanitin saphwanyika ndi moto wa pamafuwa, saphwanyika ndi dzuwa, mchere, chidulo kapena firiji. Ku Leongatha, ku Australia, anthu atatu adamwalira mu 2023 atadya phalloides amene adaumitsidwa n'kuphikidwa mu uvuni pamodzi ndi nyama. Mumphika poizoniyu amasungunukira mumsuzi, kotero bowa mmodzi woipa amaipitsa ndiwo yonse, ndipo mwana amene adangopatsidwa msuzi wosusira nsima nayenso wadya. Mfutso uli ndi vuto lina lapadera: bowa akauma n'kukwinyika, ngakhale katswiri sangamuzindikire, choncho mfutso ndi wabwino molingana ndi maso a amene adasankha bowayo ali wamuwisi.

Kodi m'thupi mumachitika chiyani, ndipo banja lichite chiyani likakayikira?

Amanitin akalowa m'magazi amakafika kuchiwindi n'kuimitsa ntchito imene maselo amapangira mapuloteni, ndipo maselowo amayamba kufa mwakachetechete. Kwa maola 6 mpaka 24 munthu samva kanthu. Kenako amayamba kusanza, kupotokola m'mimba ndi kutsekula madzi okhaokha, moti nyengo yamvula n'kosavuta kuganiza kuti ndi kolera. Patapita tsiku limodzi kapena awiri zonsezi zimaleka, wodwala amadzuka, amapempha phala, ndipo abale amati wachira. Apa m'pamene mwambi woti linda madzi apite ndipo uziti ndadala uyenera kumveka, chifukwa nthawi yomweyi chiwindi chili pakuwonongeka. Kuyambira tsiku lachitatu mpaka lachisanu maso amachita chikasu, magazi amaleka kuundana, impso zimafooka, munthu amabwebweta n'kukomoka. Ana amayamba kugonja chifukwa matupi awo ndi ochepa poyerekeza ndi zimene adya.

Choncho nthawi imene zizindikiro zayambira ndi uthenga wofunika kwa dokotala. Kusanza koyamba msanga kawirikawiri kumachokera ku bowa wovuta m'mimba chabe. Koyamba mochedwa, patadutsa maola 6, ndiko koopsa. Koma mphika umodzi umatha kukhala ndi mitundu iwiri, kotero kusanza msanga si chifukwa chokhalira kunyumba. Onse amene adadya apite kuchipatala nthawi yomweyo, kuphatikizapo amene akumva bwino. Tengani ndiwo yotsala, bowa wosaphika ngati alipo, ngakhale zinyenyeswa za kudzala, ndipo nenani momveka kuti mwadya bowa komanso nthawi imene mudadya. Panjira wodwala amwe madzi a Thanzi ORS. Mkaka, mowa ndi mankhwala a zitsamba osanzitsa sizichotsa poizoni, zimangodya nthawi, ndipo Panado amawonjezera katundu pachiwindi chimene chavulala kale. Kuchipatala amaika madzi ambiri a m'mitsempha kuti impso zitulutse poizoni, amapereka makala apadera omwa amene amagwira poizoni m'matumbo, ndipo malinga ndi zimene zilipo amagwiritsa ntchito penicillin, N-acetylcysteine kapena silibinin. Zonsezi zimagwira bwino zikayamba msanga. Chiwindi chikafa, chotsala ndi opaleshoni yoika china, imene kuno kummwera kwa Africa imachitikira ku South Africa, ndipo banja la kumudzi silingaifikire. Wodwala asatulutsidwe kapena kudzitulutsa yekha pa tsiku limene akuoneka kuti wachira. Magazi ayenera kuyezedwa kuti aone mmene chiwindi chilili.

Ndiye bwanji osangoletsa bowa wa m'tchire, anthu azidya wolimidwa yekha?

Maganizo amenewa amamveka nthawi iliyonse pakachitika maliro, ndipo ndikumvetsa kumene amachokera, koma ndikuwakana. Choyamba, ndelema, manyame ndi utale salimika: awiri oyambawo amafuna mizu ya mtengo wamoyo, wachitatu amafuna chiswe, ndipo mpaka lero palibe amene wakwanitsa kuwalima pamlingo wa malonda. Bowa wa oyisitala ndi wabwino ndipo ulimi wake uyenera kukula, koma amafuna mbewu yogula, kanyumba kaukhondo ndi msika, zimene mayi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Liwonde alibe. Kwa iye bowa wa m'tchire ndi ndiwo ya ana ake m'miyezi yovuta komanso ndalama ya sopo ndi makope. Chachiwiri, lamulo loletsa silingaletse wanjala kuzula. Lingangochititsa kuti odziwa aleke kuphunzitsa poyera ndiponso kuti odwala azibisa chimene adya akafika kuchipatala. Chachitatu, mudzi umene umapeza phindu ku miombo yoimirira uli ndi chifukwa choitetezera kwa owotcha makala.

Chofunika ndi kulimbitsa njira imene yakhala ikugwira ntchito. Wozula azifukula bowa yense ndi tsinde lake m'malo momudula, popeza kathumba ka Amanita kamatsala m'dothi. Wogulitsa aziika mtundu umodzi pamulu umodzi, wathunthu, ndipo wogula azifunsa dzina la bowayo ndi kumene wazulidwa. Mulu wosakaniza, wodulidwadulidwa, kapena umene mwini wake sakutha kuutchula dzina, usiyeni. Bowa wanthete amene sanatseguke chipewa asalowe mumphika pokhapokha wozula ali wodziwadi, chifukwa pamsinkhu umenewo ma Amanita onse amafanana. Bowa asagone m'jumbo, pakuti ngakhale wodyedwa amawola msanga n'kudwalitsa. Ana asatumidwe okha kukazula, ndipo chimene abwera nacho chidutse m'manja mwa wamkulu mmodzimmodzi. Alangizi a zaumoyo ndi a zankhalango, m'malo mongolengeza pawailesi kuti anthu asamale ndi bowa, angachite bwino kukhala pansi ndi amayi odziwa a m'dera lililonse kumayambiriro kwa mvula, bowa weniweni ali pamphasa, n'kujambula zithunzi za mitundu ya m'deralo ndi maina ake a komweko, pamodzi ndi Chlorophyllum molybdites ndi Amanita muscaria, kuti zikapachikidwe m'sukulu za pulayimale ndi m'zipatala zazing'ono.